Mpama ndi Njala ya ku Champhira

Ine ndine mayi wa ku Kasungu, wobadwira m'dziko la Mfumu Kaluluma, koma ndinakwatiwa ku Champhira, kumwera kwa boma la Mzimba. Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wonka ku Mzuzu, akapitirira Nkhamenya nafika pa Jenda, ndiye kuti wayandikira kwathu. Ndipo malire a dziko la Zambia sali kutali ndi pamenepo. Eni dziko ndi Angoni ndi Atumbuka. Mwambo wao ndi wakuti malowolo akaperekedwa mkazi atsata mwamuna, nakakhala pamudzi pa apongozi ake. Chotero ine ndinakhala mtengwa, kapena mkamwana monga anena iwo.

Nkhani imene ndifuna kukusimbirani, inu owerenga, ndi ya chomera china cha kutchire chotchedwa mpama. Chomera chimenechi chinapulumutsa banja lathu pa njala ya chaka cha 2002, ndipo chomwecho chinatsala pang'ono kupha mwana wanga woyamba. Cholakwa sichinali cha mpama ayi, chinali changa. Ndabisa nkhaniyi zaka zoposa 20 chifukwa cha manyazi. Koma tsopano ndakula, ndipo ndaona kuti manyazi a munthu mmodzi angathe kusunga moyo wa mwana wa mnzake.

M'mene njala inadzera

Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. M'chaka cha 2000 dziko la Malawi linakolola chimanga chambiri, matani pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo mtengo wake unatsika kotero kuti alimi ambiri anagulitsa motaya. Chaka chotsatira mvula inachuluka kopitirira muyeso m'madera ambiri. Madzi anaima m'minda, chimanga chinachita chikasu, ndipo zokolola za 2001 zinatsika kufika pa matani 1.7 miliyoni. Pa nthawi yomweyo chimanga chimene chinali m'nkhokwe zazikulu za dziko chinali chitagulitsidwa. Pofika mwezi wa Januwale 2002 mtengo wa chimanga m'misika unali utakwera kangapo konse, ndipo ngakhale munthu wa ndalama anali kubwerako ndi thumba lopanda kanthu. Pa 27 Febuluwale 2002 a Bakili Muluzi, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza kuti Malawi ali pa ngozi ya njala. Koma ife a m'midzi tinali titadziwa kale, pakuti mimba zathu zinali zitatiuza.

Pakhomo pathu tinalipo anthu asanu: apongozi anga aakazi amene anali amasiye, ine, ndi ana anga atatu. Wamkulu anali mnyamata wa zaka 7, wachiwiri mtsikana wa zaka 4, ndipo wachitatu anali wa kumsana. Bambo wa anawo anali ku Joni, monga achitira amuna ambiri a ku Mzimba, ndipo anali asanapeze ntchito yokhazikika.

Nkhokwe yathu inatha mu Okutobala. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, kenaka nkhuku, pa mtengo womvetsa chisoni, popeza aliyense anali kugulitsa ndipo ogula anali ochepa. Ndinayenda m'maganyu kufikira tsidya la malire, m'midzi ya boma la Lundazi, nthawi zina kulima tsiku lonse chifukwa cha mbale imodzi ya gaga. Mu Novembala ndi Disembala masuku anatisunga. Ana anali kupita kutchire m'mawa, nabwerako milomo ili nyatenyate. Mvula itakhazikika tinazula bowa, ndipo tinathyola chisoso, bonongwe ndi luni. Koma inu mudziwa kuti ndiwo yopanda nsima siikhalitsa m'mimba. Pofika Febuluwale masuku anali atatha, gaga sanali kuonekanso pachigayo, ndipo chimanga m'munda chinali chitangomasula kumene. Anthu ena anayamba kukumba zitsa za nthochi ndi kuzisinja. M'mudzi munali zii; ngakhale agalu analeka kuuwa.

Apongozi atenga khasu

Apongozi anga anali mayi wamfupi, woonda, wa zaka zoposa 70, wosachulukitsa mawu. Sanapite kusukulu, ndipo sanali kudziwa kulemba dzina lao. Ine ndinali nditafika Sitandade 8, ndipo ndivomere pamaso panu kuti mumtima ndinali kuwapeputsa, ngakhale ndinali kuwagwadira monga mwa mwambo. Ndinali kuyesa kuti nzeru zonse zili m'mabuku.

Tsiku lina mbandakucha anagogoda pakhomo panga. Anali kulankhula Chitumbuka, koma mawu ao ndiwapereka m'Chichewa. Anati, "Mkamwana, dzukani. Tengani dengu ndi chikwanje. Lero tipita ku nkhokwe ya amayi anga."

Ine ndinayesa kuti njala yawazunguza mutu, pakuti amayi aowo anamwalira ine ndisanabadwe. Komabe ndinabereka mwana, ndi kuwatsata. Tinasiya minda m'mbuyo, tinalowa m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi misuku, ndipo dzuwa litakwera tinafika pa khwawa lina la miyala, pamene panali chulu chachikulu chomera zitsamba zowirira. Pamenepo anaima, naloza chomera choyanga chimene chinakulunga mtengo kufikira kunsonga.

Anati, "Penyani bwino. Uyu ndiye mpama. Musapenye pansi poyamba ayi, penyani tsamba."

Anandionetsa mitundu iwiri. Wina unali wa tsamba limodzi lotambalala, losongoka kunsonga, longa la chilazi cha m'munda. Wina unali wa masamba atatuatatu onga a nyemba, ndipo chingwe chake chinali ndi minga. Ndinafunsa kuti, "Amama, wabwino ndi uti?" Iwo anayankha nati, "Wa masamba atatuyu ndi woopsa ndithu. Koma winayunso ali ndi abale ake ofanana naye amene apha. Chifukwa chake ife tiyesa onse ngati aululu, kufikira madzi atawasambitsa."

Kukumba mpama si masewera. Munthu atsata chingwe kufikira pamene chilowa m'nthaka, nakumba mozungulira, poyamba ndi khasu, kenaka ndi mtengo wosongola, kuti asautemeteme. Dzenje lifika m'chigongono, nthawi zina kupitirira, ndipo mizu ya mitengo ndi miyala zitsekereza njira. Nyengo yake yabwino ndi chilimwe, chingwe chitauma, pamene mbatata yake ya pansi ikhala yokhwima. Nthawi ya dzinja ikhala yowonda ndi yamadzimadzi, popeza chakudya chake chakwera kumasamba. Koma wanjala sasankha nyengo. Tinakumba kufikira dzuwa litapendeka, manja ali matuza okhaokha, ndipo dengu silinadzale.

Chinthu chimodzi chinandikwiyitsa. Pa dzenje lililonse apongozi anali kudula mutu wa mpama, pamene pachokera chingwe, naubwezera m'nthaka, nakwirira bwinobwino. Ndinati, "Amama, ana ali ndi njala kunyumba, ndipo inu muli kukwirira chakudya?" Iwo sanatukule mutu. Anangoti, "Njala siibwera kamodzi, mkamwana. Amayi anga akadazula zonse chaka cha dzombe, lero tikadakumba chiyani?" Anali kunena za dzombe lofiira limene linasakaza minda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, iwo ali kamtsikana. Malo amenewo anawaonetsa ndi amayi ao pa nthawi imeneyo, ndipo anawasunga m'mutu zaka zonsezo.

Kusambitsa mpama

Titafika kumudzi ana anathamangira dengu, koma agogo ao anawaingitsa ndi mawu aukali amene sindinawamvepo ndi kale lonse. Tinasenda mpama wonse, ndi kuudula tizidutswa topyapyala ngati makaka a chinangwa. Makoko tinawakwirira kuti nkhuku za eni zisatole. Tinaphika tizidutswato mu nkhali yaikulu pamodzi ndi madzi a chidulo, ndipo madzi oyambawo tinakawataya kutali ndi nyumba. Kenaka tinathira mpamawo mu dengu loluka motakasuka, tinapita nalo ku kamtsinje, ndi kuliika pakati pa miyala pamene madzi ayenda mwamphamvu. Pamwamba tinasanjikapo mwala.

Apongozi anatambasula dzanja nati, "Masiku asanu. Zala zonsezi zithe. Tsiku lililonse tidzabwera kudzavundula, koma palibe wolawa."

Lero ndidziwa chifukwa chake cha zonsezi. Mpama ndi mbale wake wa chilazi. Anthu a sayansi autcha mtundu wonsewo Dioscorea, ndipo pa dziko lapansi pali mitundu yake mazana angapo. Ina ndi yolimidwa, monga zilazi zimene anthu a ku Nigeria ndi ku Ghana adya monga ife tidyera chimanga. Ina ndi ya kutchire, ndipo mwa imeneyi ilipo yokhala ndi ululu umene ugwira ubongo ndi mitsempha. Chomeracho chidzitchinjiriza nao ululuwo kwa nguluwe ndi nyama zina zokumba. Mwayi wake ndi wakuti ululu umenewu usungunuka m'madzi. Ndicho chifukwa chake adula mopyapyala, kuti madzi alowe msanga mkati. Ndicho chifukwa chakenso afuna madzi oyenda, kuti ululu wotuluka uzipita, osabwereranso. Anzathu a ku Nkhata Bay achita chimodzimodzi ndi chinangwa chowawa: achiviika masiku angapo asanachiyanike ndi kusinja ufa wa kondowole, pakuti nachonso chili ndi chiphe chake. Apongozi anga sanali kudziwa mawu a sayansi, koma ntchito yake anali kuidziwa yonse.

Cholakwa changa

Tsiku loyamba linapita. Tinadya masamba a maungu opanda kanthu kena. Tsiku lachiwiri mtsikana wanga analeka kulira. Anangogona pamkeka maso ali pamtunda. Mayi aliyense adziwa kuti mwana wanjala akaleka kulira ndiye kuti zafika poipa. Mnyamata uja anali kunditsata ponseponse, nanena kuti, "Amama, chakudya chija chili kumtsinje, bwanji sitidya?"

Madzulo a tsikulo ndinatenga ndowa ngati ndili kukatunga madzi. Ndinafika pa miyala paja, ndinachotsa mwala, ndi kutapa mpama wodzaza manja awiri. Ndinalawa kachidutswa. Kuwawa kunali kutachepa, kunangotsala pang'ono kukhosi. Mumtima ndinati: Taphika kale, ndipo wakhala m'madzi masiku awiri, masiku asanu ndi mantha a nkhalamba chabe. Ndinauphikanso m'nyumba mwanga usiku, chitseko chili chotseka. Mtsikana anali m'tulo, ndipo ndinati ndimsungire wake wa m'mawa. Ine ndinadya pang'ono. Mnyamata anadya kwambiri, nandithokoza, nagona akumwetulira.

Pakati pa usiku ndinadzidzimuka ndi phokoso la kusanza. Mwana anali kubwebweta zosamveka, malovu ali chuchuchu, ndipo posakhalitsa thupi lake lonse linayamba kugwedezeka ngati la munthu wakhunyu. Poimirira, inenso ndinaona nyumba ili kuzungulira. Ndinakwawa kufikira pakhomo pa apongozi ndi kuwaitana.

Anabwera ndi muuni wa udzu, anapenya mwana, anapenya mphika, nandifunsa funso limodzi lokha: "Munapita kumtsinje?" Ndinati, "Inde, amama." Sananene kanthu kena kwa ine. Anatuluka nakadzutsa mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene anali ndi njinga. Anamanga mwana kumsana kwa mlamuyo ndi chitenje, natenga mpama wotsala mumphika, naukulunga m'tsamba la nthochi, nati, "Kaonetseni adokotala ichi, kuti asataye nthawi ndi kufunsa. Musaime panjira kwa munthu aliyense."

Ine ndinatsata pansi m'mawa kutacha, chizungulire chitachepa. Njira yonse ndinali kumvetsera ngati ndimva maliro kutsogolo. Ndinapeza mwana ali pakama m'chipatala, botolo la madzi lili kudonthezera m'mtsempha wa dzanja lake. M'chipindamo munalinso ana ena otupa miyendo ndi nkhope chifukwa cha njala. Namwino wina anandiuza kuti, "Mayi, mukadadikira kuti kuche, bwenzi tikunena zina." Mwana anatsegula maso madzulo a tsiku limenelo, ndipo patapita masiku atatu anatilola kubwerera kumudzi.

Mawu a apongozi

Pobwerera ndinali ndi mantha aakulu. Ku Mzimba ana ndi a kuchimuna, ndipo mkamwana amene waika mwana wa eni pa ngozi angathe kuitanidwa pabwalo, kapena kubwezedwa kwao. Ndinali kuyembekeza kuti mudzi wonse wamva. Koma pofika ndinapeza kuti apongozi sanauze munthu aliyense za ulendo wanga wa kumtsinje, ndipo anali atalamula mlamu wanga kuti atseke pakamwa.

Anandiitanira m'nyumba mwao. Pa lichero panali mpama woyera, wofewa, wopanda fungo. Anati, "Masiku asanu anakwana dzana. Ndinautsuka, ndinauphikanso, ndipo dzulo ndinadyako kachidutswa ine ndekha. Ndagona, ndadzuka. Tsopano idyani inu. Ana adya pambuyo. Wamkulu ndiye ayamba, chifukwa thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo ululu wochepa ulikwanira."

Pamenepo ndinagwada ndi kulira, ndipo ndinati, "Amama, ndinalakwa." Iwo anandigwira paphewa nati, "Simunachite ndi mtima woipa. Inenso ndinamuona mtsikanayu, ndipo usiku umenewo sindinagone. Koma mverani, mkamwana. Njala ili ndi mawu awiri. Poyamba iti, Dzuka ukafune chakudya. Mawu amenewo muwamvere. Kenaka iti, Fulumira. Amenewo musawamvere, chifukwa ndiwo adzaza manda."

Kuyambira tsiku limenelo tinakonza ntchito yathu mwa dongosolo. Tinali kupita kutchire masiku awiri alionse, kotero kuti mumtsinje munali madengu atatu nthawi imodzi, lina lolowa kumene, lina la pakati, lina lotsala pang'ono kutuluka. Pa dengu lililonse apongozi anamanga kachingwe, ndipo m'mawa mulimonse anali kumangapo mfundo imodzi, kuti tisasokoneze masiku. Mpama wina tinali kudya wophika ndi mchere. Wina tinali kuuyanika ndi kuusinja, ndipo ufa wake tinali kuphika phala. Sindinganame kuti ndi chakudya chokoma. Ndi chozizira m'kamwa, ndipo sichipatsa mphamvu ngati nsima. Koma chinatifikitsa kumapeto kwa Malichi, pamene maungu anakhwima ndipo tinayamba kukazinga dowe. Pakhomo pathu sipanatuluke maliro. Pa makomo ena anatuluka.

Si ife tokha

Pambuyo pake ndinadziwa kuti nzeru imeneyi si ya ku Champhira kokha. Pa njala yaikulu ya 1949, imene inavuta koposa m'boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo, anthu ambiri anapulumukira mizu ndi zipatso za kutchire, ndipo amene anali kudziwa zodyedwa ndi zosadyedwa anali amayi achikulire. Anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, chakudya chikasowa, alowa m'madambo a mtsinje wa Shire kukazula nyika, pakati pa ng'ona. Atonga a kumwera kwa Zambia ali ndi mtundu wao wa chilazi cha kutchire wotchedwa lusala, umene agulitsa ndi m'misika momwe. Ndipo m'chaka cha 1955 ku Zomba kunasindikizidwa buku la mayi Jessie Williamson lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, lofotokoza zomera za dziko lino ndi ntchito zake. Zambiri za m'bukumo zinachokera m'kamwa mwa anthu a m'midzi onga apongozi anga. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha: ine ndinali kupeputsa nkhalamba chifukwa cha mabuku, osadziwa kuti mabukuwo anakaphunzira kwa nkhalamba.

Nkhokwe ili kupasuka

Chimene chindidetsa nkhawa masiku ano ndi ichi, chakuti nkhokwe ya kutchire ili kupasuka mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi tchire lenilenilo. Aliyense woyenda pa msewu wa Jenda ndi Mzimba aona matumba a makala ali ndandanda. Mitengo ya mombo ndi misuku imene mpama uyangako yagwa, ndipo bowa amene amera pansi pa mitengo yomweyo achepa nayo. Ngakhale nkhalango zotetezedwa ndi Boma, monga Perekezi, zalumidwa m'mbali. Onaninso za chikande, chimene kuno atcha chinaka. Kale amayi anali kukumba chongokwanira ndiwo ya pakhomo. Tsopano chili ndi msika waukulu ku Zambia, ndipo okumba azula chilichonse chimene apeza, kotero kuti madambo ena amene chinali kumera atsala opanda kanthu. Munthu wokumbira ndalama sabwezera mutu m'dzenje.

Mbali yachiwiri ndi anthu odziwa. Apongozi anga anamwalira patapita zaka zingapo chichitikire njala ija, ndipo anzao a msinkhu umenewo atsala owerengeka. Ana athu adziwa maina a magulu a mpira a ku England, koma sangathe kusiyanitsa tsamba la mpama ndi la chitedze. Tsono njala ikadza, munthu wosadziwayo apita kutchire ali wofooka kale, nakumba chilichonse chonga mbatata. Safunsa anadya phula. M'chaka cha 2024, mvula itadula chifukwa cha nyengo yotchedwa El Niño, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri pa nthawiyo, analengeza m'mwezi wa Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Chaka chomwecho tinamva kuti m'maboma monga Salima ndi Machinga anthu abwerera ku mpama ndi ku nyemba za chitedze. Apongozi ananena zoona: njala siibwera kamodzi.

Zimene ndipempha owerenga

Abale anga, sindinalembe izi kuti wina atenge kabuku kano m'manja napite nako kutchire kukakumba. Pepala silingakuonetseni tsamba, ndipo masiku asanu a apongozi anga anali a mpama wa pa khwawa lathu ndi madzi a mtsinje wathu. Mitundu isiyana, ndipo ulipo wina umene suyenera kudyedwa konse. Lilime nalonso linama, monga linandinamiza ine. Kuchepa kwa kuwawa si umboni wakuti ululu watha.

Chimene ndipempha ndi ichi. Choyamba, phunzirani nthawi ya kukhuta. Pitani ndi agogo anu kutchire chaka chimene nkhokwe ili yodzaza, pamene mutu uli bwino ndipo palibe chokufulumizitsani. Aloleni akuonetseni tsamba, chingwe, malo ake ndi kakonzedwe kake, ndipo mugwire ntchitoyo ndi manja anu iwo ali kupenya. Chachiwiri, chomera chimene simuchidziwa bwino, chisiyeni, ngakhale njala ikule motani. Chachitatu, mwana asayambe kulawa chakudya chotere. Chachinayi, munthu akadya nayamba kusanza, kuchita chizungulire kapena kugwedezeka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo mutenge chotsala cha chimene wadya. Chachisanu, bzalani chinangwa, mbatata ndi mawere pambali pa chimanga, pakuti mbewu zimenezi zipirira pamene chimanga chalephera, ndipo banja lokhala nazo silifulumira kupita kutchire. Mpama ndi chakudya cha tsiku lotsiriza. Nzeru ndi kuchedwetsa tsiku limenelo.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo ine ndine apongozi. Mu Epulo 2024, titamva za njala pa wailesi, ndinagogoda pakhomo pa mkamwana wanga mbandakucha, ndi kumuuza kuti atenge dengu. Iye anaphunzira kufikira Fomu 4, ndipo ndinaona m'maso mwake chomwe chija chinali m'maso mwanga kale. Sindinakwiye. Tinayenda ulendo wautali pakati pa zitsa, pamene kale panali nkhalango, ndipo mtima wanga unali kukayika. Koma khwawa lija, chifukwa cha miyala yake, anthu a nkhwangwa analilambalala. Chulu chinalipo, ndipo pa mtengo wa pambali pake panali chingwe cha minga chokwera kufikira kunsonga, pa malo omwe aja apongozi anakwirira mutu ine ndili kudandaula.

Tinakumba umodzi wokha, woti aphunzirirepo. Ndinampatsa mpeni kuti adule mutu ndi kuubwezera yekha m'dzenje. Ndipo pobwerera, tili kutsika m'khwawa, ndinamsimbira nkhani yonse ya usiku uja, imene ngakhale mwamuna wake sanali kuidziwa bwino. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti, "Amama, munati masiku angati?" Ndinatambasula dzanja, ndipo iye anawerenga zala zonse zisanu.